Wowerenga Mita Anyowa ku Chimaliro

Ntchito yanga ndi kuwerenga madzi.
Zaka makumi awiri ndi zitatu ndagwada pa mageti a eni,
kupukuta galasi la mita ndi chala chachikulu,
kulemba manambala, kuchoka agalu asanandizolowere.
Ndikadutsa ndi sipanala, azimayi a ku Chibavi amatsitsa mawu
ngati kwadutsa maliro.

Tsikulo, pa 13 Epulo, Mzuzu anali Mzuzu:
nkhungu itakhala pa Kaning'ina ngati mlendo wosatsanzika,
mvula yowaza, yosadziwa kuyamba kapena kuleka,
ine m'majekete awiri.

Nyumba ya geti lobiriwira ku Chimaliro.
Ndisanati odi, ndowa yathunthu kumsana, khuthu!
Kuzizira kunalowa mpaka m'mano.
Kamnyamata ka a Mwafulirwa kali poteropo, ndowa m'manja:
"Pepani adada, ndi chaka chatsopano!"

Chaka chatsopano mu Epulo?
Mawu okalipa anali atafika kale pakhosi
pamene anatulukira Wanpen,
mayi wa ku Thailand wophunzitsa kulima bowa m'matumba a utuchi,
malaya a maluwa atamatirira thupi, milomo ikunjenjemera.
"Kwathu lero dzuwa likuswa mtengo," anatero
m'Chichewa chake chodumpha miyala.
"Songkran. Wokuthira madzi wakufunira zabwino."
Anandipaka ufa woyera m'masaya, osapempha.

Pabwalo, chipwirikiti.
Mlonda ndi beseni. Anamwino awiri ndi mabotolo oboola.
Wa Sakaramento amene anangobweretsa thumba la makala
waiwala njinga, akuthamangitsa mwini nyumba ndi paipi.
Ine maso pa mita:
kasingano kakuthamanga ngati kaba nkhuku.
Mtima wanga, mwa chizolowezi, ukuwonkhetsa:
ndowa iyi makwacha akuti, iyo makwacha akuti,
zonsezi kumwetsa kapinga wokhuta kale mvula.

Kenaka phokoso linatha lokha.
Anatulutsa mpando pakhonde.
"Bambo anga ali ku Lampang," anatero.
"Manja awo sindingawafike.
Inu muli ndi imvi. Ndibwerekeni anu."

Manja awa?
Amene atseka mipopi ya amasiye,
amene amanga waya pamene panali madzi a phala la mwana?
Ndinawatambasula, dzimbiri lili m'zikhadabo.

Anagwada pa simenti yonyowa.
Kambale kasiliva, madzi ofunditsa pa ketulo,
timaluwa toyera tikuyandama.
Anathira pang'onopang'ono, ngati madzi ndi mafuta a golide,
akunong'ona m'chinenero chawo,
kupepesa kwa munthu amene si ine
zolakwa za chaka zimene sindikuzidziwa.
Madziwo anadutsa m'mipata ya zala zanga
ndipo kwa nthawi yoyamba sindinawawerenge.

"Tsopano mundidalitse."

Ndinasanthula m'kamwa, munalibe kanthu.
Munali dzina lokha: Sekanawo,
mwana wanga ali ku Joni,
zaka zinayi chilankhulireni mawu aja pa depoti,
basi italiza kale injini,
mawu amene mkamwa mwa bambo simuyenera kutuluka.
Ndinagwira mutu wonyowa wa mwana wa eni.
"Ukhale ndi moyo, mwana wanga. Ukafike kwanu."
Anthu anaombera m'manja. Mvula inandibisira nkhope.

Mita ndinawerenga ndithu, ntchito ndi ntchito,
bilu idzabwera yonenepa.
Koma buku linali litanyowa,
manambala a Chimaliro yense atasungunuka,
ngongole za anthu zikutsikira pansi pa tsamba, zabuluu.

Foni nayo inamwa madzi.
Wanpen anandipatsa mpunga m'jumbo, akuti ndiikwirire masiku atatu.
Ili pawindo pano ku Zolozolo, lero lachiwiri.
Ndimadzuka usiku, kuipisa dzanja, kuibwezera.
Nambala ya ku Joni ndikuidziwa pamtima,
mvula ikadali padenga,
ndipo m'khutu lamanzere mwatsalira kaufa koyera
kamene sindinafune kusamba.